Seva ya Mawu M'nyumba: Adiresi ya M'kati ndi Adiresi ya Kunja

Ku Zolozolo, monganso ku Chiputula, ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa kuno ku Mzuzu, n'kovuta kupeza banja limene lilibe m'bale wokhala kutali. Wina ali pa ntchito ku Lilongwe, wina pa sukulu ku Zomba, ndipo ambiri anatsika ku Joni, njira imene anthu a kumpoto akhala akuyenda kuyambira nthawi ya migodi. Tikafuna kumva mawu a abale amenewa, ambirife timangotsegula WhatsApp. Koma alipo achinyamata okonda makompyuta amene safuna kudalira makina a kampani yakunja pa chilichonse. Iwowa amatenga laputopu yakale, mwina yosweka sikirini, n'kuisandutsa seva ya mawu, kuti anzawo ndi abale awo azikumana pamenepo n'kumacheza.

Seva ndi kompyuta imene ntchito yake ndi kudikira alendo. Mafoni ndi makompyuta ena amalumikizana nayo, iyo n'kumalandira mawu a amene akulankhula ndi kuwagawira kwa onse amene akumvetsera. Mapulogalamu odziwika pa ntchitoyi ndi Mumble, yaulere, imene inayamba mu 2005, ndi TeamSpeak ya ku Germany. Onse awiri anatchuka ndi anthu osewera magemu pa intaneti, koma angathandizenso gulu la ophunzira a ku Mzuni pokambirana za mayeso, kapena komiti ya banja pokonzekera ukwati. Discord, imene inabwera mu 2015, ndi yosiyana: ngakhale magulu ake amatchedwa maseva, makina enieniwo ali m'manja mwa kampani, osati m'nyumba mwanu.

Kuika pulogalamuyi pa laputopu si nkhani. Mavuto amayamba pofuna kulowamo. Mwini seva amayesa ndi foni yake ali pabalaza, zonse n'kuyenda bwino. Akatumiza adiresi yomweyo kwa achimwene ake ku Johannesburg, iwo amayesa usiku wonse osatheka. Nthawi zina zimatembenuka: a ku Johannesburg alowa, akumveka bwinobwino, koma mlongo wake amene wakhala pampando woyandikana ndi seva akukanika. Zonse ziwirizi gwero lake ndi limodzi. Seva ya m'nyumba imafikiridwa ndi maadiresi awiri osiyana, ndipo adiresi iliyonse ili ndi kumene imagwira ntchito.

Chifukwa chake pali maadiresi awiri

Chipangizo chilichonse cholumikizidwa pa intaneti chimafuna nambala yochizindikiritsa, imene imatchedwa adiresi ya IP. Ndondomeko imene tikugwiritsabe ntchito kwambiri, IPv4, inalembedwa mu 1981. Adiresi yake ndi manambala anayi olekanitsidwa ndi madontho, iliyonse kuyambira 0 mpaka 255. Mukawerengetsa, maadiresi onse otheka ndi pafupifupi 4.3 biliyoni. Pa nthawiyo makompyuta olumikizidwa pa netiwekiyi anali makamaka m'mayunivesite ndi m'maofesi a boma, choncho chiwerengerochi chinkaoneka chosatha. Lero anthu padziko lapansi aposa 8 biliyoni, ndipo munthu mmodzi amatha kukhala ndi foni, laputopu ndi wailesi ya kanema, zonse zofuna intaneti.

Akatswiri anaona vutoli likubwera kale. Mu 1994 anafotokoza njira yotchedwa NAT, ndipo anapatulanso magawo atatu a maadiresi kuti akhale a m'kati mwa nyumba ndi m'maofesi basi: onse oyamba ndi 10, oyamba ndi 192.168, ndi oyambira pa 172.16 kulekezera pa 172.31. Maadiresi amenewa aliyense akhoza kuwagwiritsa ntchito osapempha kwa wina, koma sayenda pa intaneti ya kunja. Ndiye chifukwa chake rauta ya ku Zolozolo, ya ku Area 25 ndi ya ku Johannesburg zonse zikhoza kukhala ndi 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1 popanda kusokonezana.

Taganizani za poloti ya nyumba za lendi, monga zilili zambiri kuno ku Zolozolo: mpanda umodzi, geti limodzi, mabanja asanu ndi limodzi. Okhala m'katimo akamati "nyumba yachitatu" amamvana, ndipo mwana akatumidwa kumeneko sasochera. Koma mukauza munthu amene watsika basi ku depoti kuti apite ku "nyumba yachitatu" simunamuthandize, pakuti poloti iliyonse mu Mzuzu ili ndi nyumba yake yachitatu. Wakunja amafuna kudziwa poloti yeniyeniyo, ndipo akafika pageti pafunika munthu womulondolera khomo. Adiresi ya m'kati ndiyo "nyumba yachitatu", adiresi ya kunja ndiyo poloti, ndipo rauta ndiye wapageti.

Rauta imagwira ntchito yake motere. Foni yanu ikapempha tsamba la pa intaneti, rauta imafufuta adiresi ya m'kati pa kaphukusi ka uthengako, n'kulembapo adiresi ya kunja, kenako n'kusunga m'kaundula wake kuti pempholi lachokera ku foni yakuti. Yankho likabwera imayang'ana m'kaundulamo n'kulipereka kwa mwini wake. Zonsezi zimayenda bwino malinga ngati amene wayambitsa kulankhulana ndi wa m'kati. Koma seva siyambitsa kanthu, imangodikira. Ndiye kaphukusi kochokera ku Johannesburg kakafika pa rauta popanda amene anakaitana, m'kaundula mulibe dzina, ndipo rauta imangokataya. Ngati achimwene aja anapatsidwa adiresi yoyamba ndi 192.168, kaphukusi kawo sikanatuluke n'komwe m'nyumba imene akukhala: foni yawo inkafunafuna seva pakati pa zipangizo za kwawo komweko.

Palinso adiresi yachitatu imene imasokoneza oyamba kumene, 127.0.0.1. Iyi tanthauzo lake ndi "ine ndemwe". Imagwira ntchito pa kompyuta yokhayo imene pali seva, ndipo kupambana kwake sikutsimikizira kanthu za foni ina iliyonse.

Kutsegulira alendo khomo

Kuti wakunja alowe, mwini nyumba ayenera kuuza rauta pasadakhale kumene izipereka alendo. Pulogalamu iliyonse yodikira alendo ili ndi nambala ya khomo lake, imene amisiri amati port. Mumble imadikira pa 64738, ndipo TeamSpeak 3 imalandira mawu pa 9987. Mumalowa m'tsamba la rauta polemba adiresi yake ya m'kati mu browser, n'kupeza gawo lolembedwa kuti port forwarding kapena virtual server. Pamenepo mumalemba lamulo lakuti chilichonse chofika pa 64738 chizipita ku adiresi ya m'kati ya laputopu ija, tinene 192.168.1.20.

Pali tinthu tiwiri timene timagwetsa anthu pano. Koyamba ndi kakuti mauthenga amayenda m'njira ziwiri, TCP ndi UDP. TCP imaonetsetsa kuti kaphukusi kalikonse kafika, ndipo kotayika imakatumizanso. UDP imangothamanga osayang'ana m'mbuyo, zimene zili zoyenera mawu, chifukwa liwu lofika mochedwa lilibenso ntchito pa macheza. Mumble imafuna zonse ziwiri pa khomo limodzimodzilo. Mukatsegula TCP yokha anthu adzalowa ndithu, koma mawu adzakakamizika kudutsa njira yochedwayo, ndipo netiweki ikangofooka adzayamba kudukaduka. Kachiwiri ndi kakuti rauta imagawa maadiresi a m'kati mwachisawawa. Magetsi akathima n'kuyakanso, laputopu imene inali 192.168.1.20 ikhoza kudzuka ili 192.168.1.23, lamulo lija n'kumaloza foni ya mwana. Kwathu kuno, kumene rauta imazima kawirikawiri, ichi si chinthu chochitika mwa apo ndi apo. Mankhwala ake ndi kuuza rauta kuti laputopuyo iziipatsa adiresi imodzimodzi nthawi zonse. Musaiwalenso firewall ya pa laputopu yeniyeniyo, imene imatha kukana alendo ngakhale rauta itawalola.

Wa m'nyumba akagogoda kunja

Tsopano tibwere ku chodabwitsa chija: wakutali walowa, wapafupi akukanika. Zimachitika mwini seva akagawira aliyense adiresi ya kunja, poganiza kuti imodzi ikwanira onse. Foni ya m'nyumba ikaitana adiresi ya kunja, kaphukusi kamapita ku rauta ngati kakutuluka, koma kumene kakulowera ndi pa rauta pomwepo. Kuti zitheke, rauta iyenera kukakhotetsa n'kukabwezera m'kati. Luso limeneli limatchedwa NAT loopback kapena hairpin NAT, ndipo si rauta iliyonse imene ili nalo. Zina zimangotaya kaphukusiko. Zina zimakapereka kwa seva koma osasintha adiresi ya wotumiza. Seva ikaona kuti wotumiza ndi mnzake wa m'nyumba imamuyankha mwachindunji osadzeranso pa rauta, ndipo foni ikalandira yankho lochokera ku 192.168.1.20, pamene iyo inaitana adiresi ina, imalikana ngati la mlendo.

Apa palibe chowonongeka, ndipo palibe chifukwa chogulira rauta ina. A m'nyumba agwiritse ntchito adiresi ya m'kati, a kunja ya kunja. Mumble imalola kusunga maseva angapo pa mndandanda, choncho munthu wa foni yoyenda nayo asunge mizere iwiri, wina wa pakhomo, wina wa ku tauni. Odziwa zambiri amakonza kuti dzina limodzi lizimasuliridwa mosiyana m'kati ndi kunja, koma kwa banja wamba mizere iwiriyo ndi yokwanira.

Phunziro lina lochokera pamenepa ndi la kayesedwe. Simungadziwe ngati khomo lakunja latseguka mutakhala pa Wi-Fi ya m'nyumba momwemo. Zimitsani Wi-Fi pa foni, yatsani data ya pa SIM khadi, ndipo yesani muli choncho. Ngakhale mutakhala pabalaza, foniyo tsopano ikubwera ngati mlendo wochokera kunja.

Vuto lalikulu la kwathu

Zonse zimene tafotokozazi zikuganizira kuti rauta yanu ili ndi adiresi ya kunja yakeyake. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu a ku Ulaya ndi ku America amene intaneti imawafikira pa waya, ndipo kwa iwo zimenezi zinali zachizolowezi. Kuno ambiri timalandira intaneti kudzera pa nsanja za mafoni, kaya ndi pa foni, pa MiFi kapena pa rauta yolowetsa SIM khadi. Pa intaneti yotere, pafupifupi kulikonse padziko, kasitomala wamba sapatsidwa adiresi ya kunja yakeyake.

Chifukwa chake ndi kuchepa kuja. Bungwe la IANA, limene limasunga nkhokwe yaikulu ya maadiresi, linagawa magawo ake omaliza a IPv4 pa 3 February 2011. Mu Africa maadiresi amagawidwa ndi AFRINIC, imene likulu lake lili ku Mauritius ndipo inavomerezedwa mu 2005, pamene mayiko olemera anali atatenga kale gawo lalikulu. Kampani ya mafoni yokhala ndi makasitomala mamiliyoni singapeze adiresi ya aliyense. Ndiye imaika NAT ina yaikulu ku likulu kwake, yotchedwa CGNAT, kuti anthu ambirimbiri azitulukira pa adiresi imodzi. Mu 2012 anapatulanso gawo lapadera la ntchito imeneyi, kuyambira 100.64 mpaka 100.127. Ngakhale Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, imaika makasitomala ake wamba kuseri kwa CGNAT.

Tanthauzo lake ndi lakuti pali mageti awiri, ndipo inu muli ndi kiyi wa limodzi lokha. Mukhoza kulemba lamulo la port forwarding molondola, osaphonya nambala, koma kaphukusi ka ku Johannesburg kadzatayidwa pa makina a kampani kasanaone n'komwe rauta yanu. Ndimamva chisoni ndi achinyamata amene amataya masiku ndi mabandulo akusintha izi ndi izo, mpaka kuganiza kuti mutu wawo sugwira, pamene cholepheretsa sichili m'nyumba mwawo.

Kudziwa ngati muli m'gululi n'kosavuta. Lowani m'tsamba la rauta muone adiresi imene yalembedwa pa WAN. Kenako funsani Google kuti adiresi yanu ya IP ndi iti. Manambala awiriwa akafanana, muli ndi adiresi ya kunja, ndipo port forwarding idzagwira ntchito. Akasiyana, makamaka ya pa WAN ikayamba ndi 10 kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, pali geti lina kutsogolo kwanu. Kuyesa kumeneku kuyenera kukhala koyamba, musanakhudze china chilichonse.

Mwina mungafunse kuti nanga WhatsApp imatheka bwanji pa netiweki yomweyo. Yankho ndi lakuti mafoni onse awiri amayamba ndi kuitana makina a kampaniyo, amene ali ndi maadiresi a kunja. Popeza aliyense wayambitsa yekha kuchokera m'kati, mageti onse amatseguka. Makinawo amayesa kulumikizitsa mafoniwo mwachindunji, ndipo zikakanika amanyamula okha mawuwo.

Njira zozembera

Njira yoongoka ndi kupempha kampani yanu adiresi ya kunja, imene m'maofesi mwawo amaitcha public IP. Kawirikawiri imaperekedwa kwa makasitomala a bizinesi ndipo imalipiridwa padera. Adiresiyo ikakhala yosinthasintha, pali mautumiki monga No-IP ndi DuckDNS amene amakupatsani dzina lokhazikika, n'kumalilozetsa ku nambala yatsopano nthawi iliyonse ikasintha.

Njira yachiwiri ndi kubwereka nzeru ya WhatsApp ija. Mapulogalamu monga Tailscale ndi ZeroTier amamanga netiweki yachinsinsi pamwamba pa intaneti. Mumaika pulogalamuyo pa seva ndi pa foni ya aliyense wa m'gulu, ndipo chipangizo chilichonse chimalandira adiresi yatsopano imene imagwira ntchito chimodzimodzi pabalaza ndi ku Johannesburg. Palibe khomo lotsegula pa rauta, ndipo vuto la hairpin silikhalaponso. Kwa banja kapena kagulu kakang'ono ka anthu odziwana, ine ndimaona kuti njira yabwino ndi imeneyi. Kuvuta kwake ndi kwakuti aliyense ayenera kuika pulogalamu yachiwiri, ndipo agogo adzafuna mdzukulu wowathandiza.

Yachitatu ndi kuchotsa seva m'nyumba, n'kubwereka kompyuta ya m'nyumba zosungira makina, imene amati VPS. Kusankha ya ku South Africa n'kwanzeru kuposa ya ku Ulaya, chifukwa mawu sayenda mtunda wautali. Koma malipiro ake ndi a mwezi ndi mwezi, m'ndalama zakunja, ndipo aliyense akudziwa mmene ndalama zimenezi zavutira, makamaka kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023.

Yankho lenileni la vuto lonseli ndi IPv6, ndondomeko yatsopano imene maadiresi ake ndi ochuluka kotero kuti chipangizo chilichonse chikhoza kukhala ndi yake, popanda NAT. Makampani akuluakulu a pa intaneti anaiyatsa mokhazikika pa 6 June 2012. Kuti ikuthandizeni, iyenera kupezeka mbali zonse ziwiri, kwa seva ndi kwa woitana.

Magetsi, bandulo ndi chitetezo

Seva imene yazima ilibe adiresi iliyonse. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutali kwambiri ndi Mzuzu. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthima kwa magetsi kunakhala kwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yoposa chaka. N'chifukwa chake laputopu imaposa kompyuta ya padesiki pa ntchitoyi, poti ili ndi batire yake. Koma rauta nayo ifunika batire kapena kasola kakang'ono.

Mawu sadya data kwambiri. Pa mlingo wa makilobiti 40 pa sekondi, munthu wolankhula ola lathunthu osapuma amatumiza mamegabaiti pafupifupi 18, osawerengera tina tapamwamba. Koma seva imatumiza mawuwo kwa womvera aliyense payekhapayekha. Omvera akunja akakhala asanu, bandulo ya mwini nyumba imadyedwa kasanu. Ndi bwino gulu ligwirizane za kusonkha macheza asanayambe.

Khomo lotsegulidwa pa rauta ndi lotsegukira dziko lonse, osati achimwene okha. Pali makina amene ntchito yawo usana ndi usiku ndi kugogoda pa adiresi iliyonse kufunafuna potseguka. Ikani mawu achinsinsi pa seva, sinthani amene rauta inabwera nawo, tsegulani khomo limodzi lokhalo limene likufunika, ndipo musayatse DMZ, imene imapereka laputopu yonse kwa aliyense wodutsa.

Chimene adiresi ya m'kati imatha payokha

Anthu amaiona adiresi ya m'kati ngati yachabechabe poti sifika kutali, koma kwa ife ili ndi ubwino umene ambiri sanauzindikire. Mawu oyenda pakati pa zipangizo za pa Wi-Fi imodzi satuluka m'nyumba, choncho sadya bandulo ngakhale pang'ono. Rauta yopanda SIM khadi imagawabe maadiresi a m'kati. Mutha kuika seva pa hostel, pa sukulu, pa tchalitchi kapena pa malo ogona alendo, anthu n'kumalankhulana ndi mafoni awo kwaulere malinga ali pamene Wi-Fi ikufika. Othandizira pa msonkhano waukulu kapena pa ukwati akhoza kumamvana chonchi osagula mayunitsi. Pa foni za Android pali pulogalamu ya Mumla imene imalumikizana ndi seva ya Mumble.

Nzeru yomweyi ndi imene inachititsa kuti makampani a intaneti m'dziko muno akhazikitse Malawi Internet Exchange ku Blantyre mu 2008: uthenga wochokera kwa Mmalawi kupita kwa Mmalawi mnzake usamazungulire kunja kwa dziko. Koma kuti zimenezi zipindule mokwanira, payenera kukhala zinthu zosungidwa kuno zimene anthu angazifike. Mnyamata amene lero wayendetsa seva ya mawu pa laputopu yosweka ndi amene mawa adzayendetse makina a chipatala kapena a banki. Dziko limene anthu ake amangotha kuitana maseva a eni, osatha kuitanidwa, limakhala logula chabe. Ndi chifukwa chake nkhani ya IPv6 siyenera kusiyidwa kwa mainjiniya okha. MACRA, makampani a mafoni ndi masukulu ophunzitsa za makompyuta onse ali ndi mbali yawo.

Inu amene mukufuna kuyamba, yambani ndi m'nyumba: seva iyake, mafoni awiri alankhulane pa adiresi ya m'kati. Zikatheka, yerekezani adiresi ya pa WAN ndi imene dziko likuona. Ndipo tsiku limene mukukagula rauta kapena kulembetsa intaneti ya pakhomo, musafunse za liwiro ndi mtengo wa bandulo zokha. Funsaninso ngati akupatsani adiresi ya kunja, ngati ali ndi IPv6, ndi mtengo wake, musanapereke ndalama.